Chibwenzi cha m'Diresi Lobwereka

Ambrose, mwana wa malemu mchimwene wanga, anatulukira kwathu ku Marlcote kutatsala masiku awiri kuti tivine gule wa mwezi wa Meyi. Anandipeza ndikusefa mowa wa chikondwerero, ndipo tisanalonjerane n'komwe anali atagugudiza kale zikho ziwiri.

"Kodi ku London sakudya?" ndinamufunsa. "Taona khosilo, ngati la tsekwe wodwala."

"Amadya, azakhali. Koma amadya ndi okhawo amene masewero awo amaseketsa anthu."

Mwanayu anali atachoka zaka ziwiri m'mbuyomo kutsatira gulu la azisudzo, ndipo uthenga uliwonse umene ankatumiza unkati zikuyenda. Tsikuli ndi pamene zoona zinaululika. Sewero lake loyamba, limene ankati ndi lanthabwala, anthu analionera ali duu ngati ali pamaliro. Anaseka kamodzi kokha, pamene galu wina anakwera pansanja n'kukodzera mwendo wa mfumu.

"Mkulu wa gulu lathu anandiitana," anatero Ambrose. "Akuti, 'Kodi kwanu anthu amaseka chiyani?' Ndinamufotokozera za Meyi: mwamuna wandevu m'diresi, woweta nkhumba amene timamulonga ufumu wa tsiku limodzi, anyamata ndi atsikana kusocherana m'nkhalango, pomaliza onse n'kugwirana manja kuvina. Akuti, 'Chitsiru iwe, sewero si limenelo? Mafumu a ku Italiya oti sunawaonepo ukuwalemberanji? Pita kwanu, ukatchere khutu.'"

"Ndiye wabwerera kudzatchera khutu basi?"

Anasuzumira m'chikho ngati mwagwera ntchentche. "Winifred ali bwanji?"

Winifred ndi mwana mmodzi yekha wa Bambo Zachary Pardoe, ogulitsa nsalu za ubweya pafupi ndi tchalitchi. Iye ndi Ambrose analonjezana mwamseri mwanayu asanachoke. Koma chimwalirire akazi awo, a Pardoe analeka kuseka, n'kuganiza kuti mudzi wonse uleke nawo. Kwa iwo mzati wa Meyi, umene timavina mouzungulira, ndi fano, chitoliro ndi mluzu wa Satana, azisudzo ndi mbava zovala bwino. Mkamwini anali atamusankha kale: Humphrey Gosse, wofufuta zikopa, amene m'tchalitchi amaimba masalimo mokweza kuposa aliyense, ndipo benchi lonse amakhala yekha chifukwa cha fungo.

*

M'mawa mwake, Ambrose atapita ndi anzake kukadula mzati kunkhalango, Winifred anabwera ndi kamtsuko kudzatenga thovu la mowa lotupitsira buledi. A Pardoe anamuperekeza, koma anaima pamsewu, poti phazi lawo siliponda m'nyumba ya mowa.

"Mayi Emmot, ndamva kuti wabwera," ananong'ona mtsikanayo, maso ali pakamtsuko. "Mumuuze kuti mawa bambo anditsekera m'nyumba tsiku lonse. Mumuuzenso kuti ngakhale akanapanda kunditsekera, sindikanafuna kumuona."

"Ndimuuza, mwana wanga."

Anafika pakhomo, n'kubwereranso. "Chitseko cha kukhitchini bambo amakhoma ndi loko. Chotsegula ndi chakumaso chokha. Ndangonena."

Ambrose atamva uthengawo anakhala pamgolo, manja ali m'masaya. "Sakufuna kundiona, azakhali."

"Iwe mwana, unayamwa nzeru za ndani? Mkazi wosafuna kukuona angakuwerengere zitseko?"

Nkhope yake inawala, kenako inachitanso mdima. Chitseko chakumasocho mlonda wake anali a Pardoe eni ake, ndipo mwamuna wosafika zaka makumi asanu amene ankaloledwa kulowa anali Humphrey yekha. Kenako ndinaona maso a Ambrose atakakamira pa diresi langa lakuda la kumaliro, limene linali pachingwe.

"Ayi," ndinatero.

"Ku London ndinasewerapo nkhalamba katatu, azakhali."

"Anthu anaseka?"

"Ayi ndithu. Ndiye ubwino wakewo. Palibe amene adzaseke."

*

Tinanyamuka dzuwa litakwera ndithu. Ambrose anali m'diresi langa, duku loyera kumutu, mpango utafika pamphuno. Pachifuwa anapakirapo mapepala a sewero limene ankalemba, chifukwa anakana kuwasiya pakati pa zidakwa. Tinagwirizana kuti ndi Mayi Tibbet, mlamu wanga wamasiye wochokera ku Tewkesbury.

Msewu unali utadzaza. Ng'ombe khumi ndi ziwiri za maluwa kunyanga zinkakoka mzati, ovina atamanga timabelu m'miyendo, Mfumu ya Chipwirikiti, woweta nkhumba uja, itavala chisoti cha udzu ikulamula mwini mphero kuti aipukute nsapato. Ndinkakoka Mayi Tibbet kuti tidutse m'mbali, koma iwo khosi linali m'mbuyo, milomo ikugwedera, akuloweza chipongwe chilichonse chimene amva.

Ndi mmene Kavalo anatipezera. Kavalo wathu ndi mkombero wa nthambi wokutidwa ndi chinsalu chakuda mpaka pansi, mutu wosema, ndipo munthu amene ali m'kati sadziwika. Ntchito yake ndi kuthamangitsa akazi. Amene wamuphimba ndi chinsalucho ndiye wapeza mwayi wa chaka chonse. Atsikana anabalalika akukuwa. Mayi Tibbet, posazolowera diresi, anaponda mpendero, ndipo Kavalo anawameza onse athunthu.

Ndinali pafupi, ndiye ndinamva zonse.

"Agogo, tsaya limodzi lokha, ndi mwambo..."

Anali mawu a munthu wa m'kati mwa Kavalo, ndipo Ambrose anawazindikira.

"Humphrey Gosse?"

"Ambrose?"

"Iwe woimba masalimo, ukutani m'mimba mwa Kavalo?"

"Nanga iwe ukutani m'diresi la azakhali ako?"

"Ndikawauza a Pardoe."

"Ineyo ndi amene ndikawauze!"

"Chabwino. Tiye tonse, tikawauzire limodzi."

Khoswe anali atakhala pamkhate. Chinsalu chinatukuka, Mayi Tibbet anatuluka akukonza duku, anthu akuwomba m'manja kuti, "Mwayi, agogo! Mwayi!" Kavalo anachoka akuyenda cham'mbali ngati nkhanu. Ine sindinadabwe. Fungolo ndinali nditalizindikira Kavaloyo ali kutali.

*

A Pardoe anatsegula chitseko pang'ono, kongokwana mphuno.

"Mayi Emmot, ngati mwabwera ndi mowa wanu..."

"Ndabwera ndi alamu anga, Mayi Tibbet. Akuti kwanga sangakhale chifukwa cha phokoso la achikunja. Akufuna nyumba ya munthu woopa Mulungu, apumepo mpaka ng'oma zitaleka."

"Bambo," anatero Ambrose ndi mawu ang'onoang'ono onjenjemera, "lero ndaona Sodomu ndi maso angawa. Amuna akuluakulu atavala mabelu ngati nkhosa! Ndipo ndamva kuti ena amafika povala madiresi a akazi!"

"Amavaladi, mayi! Chaka chilichonse!"

"Kalanga ine! Munthu wotero akwapulidwe pamsika."

Chitseko chinatseguka chonse. A Pardoe anatilowetsa pabalaza, n'kukokera Mayi Tibbet mpando wa malemu akazi awo, umene kwa zaka zisanu ndi ziwiri panalibe amene anaukhalapo. Ine anandiloza kampando kolendewera mwendo.

Tsopano vuto la mwana wa mchimwene wanga ndi ili: zaka ziwiri ankalakalaka munthu mmodzi woti amumvetsere mpaka kumapeto, ndipo anali atamupeza. Anatukwana chitoliro, anatukwana maluwa, anatukwana ngakhale ng'ombe zovomera kuvekedwa maluwawo. A Pardoe ankangogwedeza mutu, akusendera kufupi.

"Malemu a Tibbet, amene anatisiya zaka khumi zapitazo, ankati bondo linapangidwira kugwada," anatero Ambrose. "Kulidumphitsa m'mwamba ndi kubera Mulungu."

"Kubera Mulungu!" A Pardoe anamenya patebulo. Kenako kukhosi kwawo kunatuluka phokoso ngati la chitseko chadzimbiri. Ndinaganiza kuti atsamwa. Anali akuseka.

Winifred, amene ankalowa ndi buledi ndi tchizi, anaima chilili atamva phokosolo. Anayang'ana bambo ake, n'kuyang'ana mlendoyo, n'kutsitsa maso mpaka pa zala za mlendoyo, zakuda ndi inki. Anaika mbale patebulo.

"Mayi, manja anu ada ndi fumbi la m'njira," anatero mwaulemu. "Tiyeni kukhitchini mukasambe."

Ndinawatsatira, n'kuima pachitseko ngati mlonda.

*

Winifred anakoka mpango uja kamodzi n'kamodzi.

"Zaka ziwiri, makalata atatu. Yachitatuyo unkafunsa ngati galu wako akadali moyo."

"Winifred, wobwera nayo kuno amasowa..."

"Koma woti umupsompsone sasowa, eti? Humphrey anapita kukagulitsa zikopa kumeneko. Anakuona ndi maso ake, masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa anthu chikwi, ukupsompsona mkazi wa diresi lobiriwira."

"Diresi lobiriwira? Ukunena Osbert?"

"Dzina lake ndilibe nalo ntchito."

"Ndi mwamuna, Winifred! Pansanja akazi saloledwa, mbali zawo amasewera ndi amuna. Osbert ali ndi mkazi kunyumba, ndipo amadya anyezi wosaphika asanakwere pansanja, dala, kuti ine ndione zakuda."

"Bodza lenilenilo! Mwamuna angavale diresi anthu onsewo osamuzindikira?"

Ambrose anangotambasula manja, n'kudziyang'ana kuyambira pachifuwa mpaka kumapazi.

Mtsikanayo anayesetsa ndithu. Analuma mlomo, anayang'ana kudenga, anatsina mkono wake womwe. Sizinathandize. Kuseka kunamuphulika, misozi mbwembwembwe, mpaka anagwera pachifuwa cha Mayi Tibbet. Ambrose anamukumbatira, ndipo ine ndinayamba kuwerenga mitanda ya kudenga. Koma chifuwacho chinalira kuti khwaa.

"Ichi n'chiyani?"

Asanamuletse, anali atasolola kale mpukutu wa mapepala wa mbali ya kumanzere. Winifred amawerenga bwino. Bambo ake anamuphunzitsa kuti aziwawerengera Baibulo.

"'Bambo Ndulu, wogulitsa nsalu, wodana ndi kuseka.'" Anakweza nsidze. "'Chitoliro ndi mluzu wa Satana.' Awatu ndi mawu a bambo anga."

"Ndangobwerekako pang'ono..."

Anatembenuza pepala, ndipo mawu ake anatsika. "'Ndidzakudikira mpaka mtengo wa mapeyala uwu udzabale maapozi.' Awa ndinakuuza iwe wekha, pamlatho, tsiku limene unkachoka. Wawapatsa wokama ng'ombe wachibwibwi kuti anthu a ku London aseke?"

"Ndi mawu okoma kuposa onse m'seweromo, Winifred."

"Ndiye pamapeto Bambo Ndulu amawatani?"

Ambrose anayang'ana kumbali. "Amawamangirira kumzati wa Meyi, n'kuwavinitsa mokakamiza. Koma kenako amasangalala! Onse amakhululukirana, pamakhala ukwati..."

"Mayi anga anamwalira tsiku la Meyi, Ambrose. Ng'oma zinkalira pawindo pompa. Bambo anatuluka katatu kupempha anthu kuti asunthireko kutali, koma palibe amene anawamva. Iwe unali m'gulu lomwelo, utamanga timabelu."

Ambrose anazyolika. Nanenso nkhope inandiyaka, chifukwa mowa wa tsiku limenelo unali wanga.

"Bambo anga ndi ovuta, ndikudziwa kuposa iwe. Koma ndi anga. Lero aseka, ndipo amene wawaseketsayo wabwera kudzawatchera msampha. Sankha: mapepalawa kapena ine."

Ambrose anatsegula pakamwa. Ndikulumbira kuti ankafuna kunena kuti "iwe". Koma diso lake linathamangira kaye pamapepalawo, kamphindi chabe, ndipo kamphindi kotero mkazi sakaphonya.

"Ndamva," anatero Winifred.

"Sindinanene kanthu!"

"Ndi zomwezo ndamvazo."

"Mayi Tibbet!" anaitana a Pardoe kuchokera pabalaza. "Bwerani mudzaone mnyamata wa makhalidwe!"

Winifred anapisa mapepalawo m'thumba la epuloni. Ataona kuti chifuwa cha mlendo chapendekeka, anatola kabuledi kozungulira, n'kukakankhira mbali yophwayo mwamphamvu moti Ambrose anabuula.

*

Pabalaza panali Humphrey, atavala jekete lakuda, tsitsi atalinyowetsa, buku la masalimo lili kukhwapa. Anali atathamanga kukavula za Kavalo, koma m'changu chakecho kabelu kamodzi kanatsalira m'jombo. Akangosuntha phazi lamanzere, ngili.

"Kodi muno muli mphaka wa belu?" anafunsa Mayi Tibbet akukhala pampando.

"Ndi makiyi, mayi," anatero Humphrey, phazi ataliponda ndi linzake. "Koma inu mawu anuwo bwanji? Mwadwala chimfine? Akumveka ngati a munthu wina wake amene ndimamudziwa."

"Ndi chisoni, mwana wanga. Nawenso fungo lako likundikumbutsa kavalo wina wake amene ndakumana naye posachedwapa."

Anayang'anana ngati atambala awiri m'khola limodzi. Humphrey ankadziwa kuti akangoulula, nayenso aululidwa, ndipo a Pardoe sangapereke mwana wawo kwa munthu wovina m'mimba mwa Kavalo. Ndinamuona akutafuna maganizo. Kenako anayang'ana mpando umene mlendoyo anakhalapo, n'kuyang'ana mmene a Pardoe ankadulira mlendoyo tchizi ndi manja awo, ndipo anamwetulira pang'onopang'ono.

"Bambo Pardoe," anayamba mwaulemu, "ine ndine mwana, koma ndiloleni ndinene. Nyumba ino yakhalitsa yopanda mayi. Mayi ngati awa, odana ndi zachabe, odziwa malemba, a mapewa otakata oti n'kusenza okha mpukutu wa nsalu, sapezeka kawiri."

Ndinayembekeza kuti a Pardoe amukalipira. M'malo mwake makutu awo anafiira ngati makala.

"Humphrey," anatero, "wanena zimene zakhala mumtima mwanga kuyambira pa nkhani ya bondo ija."

Anaimirira, anakonza kolala, n'kuima patsogolo pa mwana wa mchimwene wanga.

"Mayi Tibbet, ine si mnyamata, ndipo mawu okoma sindiwadziwa. Ndili ndi nyumba iyi, sitolo, ndi mano okwanira kutafunira nyama. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikulankhula m'mudzi muno ngati ndikulankhula ndi khoma. Lero munthu wandimva. Lero ndaseka." Panalibe choseketsa pamenepo. "Ndikupempha kuti mukhale mkazi wanga."

Buledi uja anatsetsereka pang'ono. Ambrose anamugwira ndi dzanja, a Pardoe n'kuyesa kuti wagwira pamtima.

"Bambo... malemu a Tibbet sanazizire n'komwe m'manda..."

"Munati anamwalira zaka khumi zapitazo."

"Anali munthu wotentha thupi."

"Kukhulupirika kotereku!" anatero a Pardoe akupukuta m'maso. "Sindikufulumizitsani. Mundiyankhe Loweruka, kuti Lamulungu abusa alengeze. Ndipo ndikulonjeza pamaso pa mboni izi: tsiku limene mudzakhale mayi wa nyumba ino, mwamuna wa Winifred mudzasankha ndinu. Amene mudzamutchule, ngakhale atakhala ndani, ine sindidzatsutsa. Nkhani za ana aakazi zandilaka."

Ngili. Kumwetulira kwa Humphrey kunathawa. Anali atakumba dzenje, n'kuponyamo mwendo wake womwe.

"Koma bambo, paja munalonjeza ine..."

"Ngati uli woyenera, mayiwa akuona okha. Ukuopa chiyani?"

Ndinaona kuti nthawi yothawa yakwana. "Alamu, tiyeni tizipita, mukaganizire bwino kunyumba."

"Kunyumba ya mowa?" A Pardoe anaima pakati pa ife ndi chitseko. "Mayi woyera mtima chonchi sabwereranso kumeneko. Agona m'chipinda cha malemu akazi anga mpaka Loweruka. Ndipo kuti pasamveke mphekesera m'mudzi, ine ndemwe ndizikhoma chitseko chawo, kiyi ndizisunga m'thumba. Inu Mayi Emmot, pitani mukatenge katundu wawo."

Ambrose anandiyang'ana. Ndinalibe chomuthandizira. Anatembenukira kwa Winifred, maso akupempha ngati a mwana wa ng'ombe ali pamsika. Mawu amodzi okha ochokera kwa mtsikanayo akanamupulumutsa: kuti chipindacho chimadontha, kuti mlendo ali ndi ulendo mawa, chilichonse.

Winifred anayandikira, dzanja limodzi lili pathumba la epuloni. Anapinda maondo mwaulemu, n'kugwira dzanja la inki lija ndi kulifinya mpaka zala zinalira.

"Chonde musadzawakane bambo anga," anatero ndi mawu ozuna ngati uchi. "Avutika mokwanira. Takulandirani, amayi."

Kunja ng'oma zinali zitafika pachimake. A Pardoe ananditsegulira chitseko okha, n'kundithokoza kawiri, koyamba chibadwire. Ndinamva mpiringidzo ukugwa kumbuyo kwanga, ndipo ndinalowa m'chikhamu ndekha, kupita kukalongedza katundu wa mkazi amene kulibe.